Masilinda Opentedwa a pa San Eloy

Tsiku loika maliro a bambo ake, Remigia Huarachi analonjeza. Anali mtsikana wa sukulu, wa milomo yong'ambika ndi chisanu. Amene ankawalonjezawo anali Don Hilarión Canaviri, mnzawo wa malemuwo, amene anamunyamula Remigia pa ubatizo.

Bambo akewo anafera pa lole, pa msewu wa ku Oruro. Fumbi la mumgodi linali litawatha mapapo. Chaka chimenecho chipatala cha ku Kellumarka chinalibe mpweya wa okosijeni, ndiye anawagoneka pamwamba pa matumba a miyala ya mumgodi n'kuwafunditsa bulangete. Don Hilarión anawagwirira mutu mpaka unazizira m'manja mwawo.

"Ndidzakhala dokotala," anatero mtsikanayo pamanda. "Inu tsiku lanu likadzafika simudzakwera lole. Mudzagona pabedi konkuno, mpweya uli pamphuno."

Don Hilarión anatsokomola, nalavula. "Ndamva, mwana wanga." Ndipo anamulipirira sukulu mpaka kumapeto.

Ife amene tinachoka ku Kellumarka kampani ya boma isanatseke mgodi timakumbukira tauni ina. Inali ndi nyumba ya kanema, bandi ya malipenga Lamlungu, ndi ophika buledi amene ankadzutsa msewu wonse ndi fungo. Ukabwerera lero upeza agalu, mphepo, ndi amuna a kopaletivi akukanda zotsalira za phiri. Chokhacho chimene chinadzukanso ndi chipatala cha San Eloy, ndipo anachidzutsa ndi Remigia. Anakana ntchito za mumzinda, nabwerera kwawo, napempha bedi limodzilimodzi mpaka wodi inadzaza.

Kenako kunabwera lamulo latsopano la zaumoyo. Wailesi inalengeza kuti chithandizo n'chaulere kwa aliyense, boma lizibwezera zipatala. Anthu anavina pabwalo. Odwala anatsika m'mapiri monse, nasefukira mpaka m'makonde. Lamulolo linafika pa galimoto, koma ndalama zake zinanyamuka wapansi, ndipo zikuoneka kuti zinatsimphina panjira.

Ngakhale zinali choncho, pa San Eloy mankhwala sankatheratu. Amene ankaona za chuma ndi katundu anali Fulgencio Ajata, bambo wa tayi ndi tsitsi lonyezimira mafuta. Zinthu zikatha, Fulgencio ankapita ku Oruro n'kubwera nazo. Remigia ankathokoza. Sankafunsa.

Chaka chino matenda a mumgodi anawapeza Don Hilarión. Anawapatsa bedi la pawindo, silinda yobiriwira ya mpweya pambali pawo, yaitali ngati munthu.

Lachitatu la sabata yotsatira chikondwerero cha kanivala, m'mawa, namwino wamkulu Basilia Ticona anathamangira mu ofesi osagogoda.

"Adokotala, Don Severino."

Don Severino Poma, wokumba mumgodi mnzawo, ankagona bedi loyandikana ndi Don Hilarión. Remigia anawapeza atatong'ola maso, manja atafinya chinsalu. Masiki inali kumaso. Silinda inkalira bwinobwino, kasingano kake kakuonetsa kuti n'njodzaza. Koma milomo yawo inali itada bii. Anamwalira Remigia ali chigwirire dzanja lawo.

"Ndinawonjezera mpweya kawiri konse," anatero Basilia. "Zinangokhala ngati ndikuwakupiza ndi chipewa."

Remigia anatembenukira ku bedi la pawindo. Don Hilarión ankamuyang'ana pamwamba pa masiki yawo. Zikhadabo zawo nazonso zinali zitayamba kuda.

"Remi," ananong'oneza. "Mpweya wako lero n'ngopepuka. Wauthira madzi ngati mkaka wa pamsika?"

Anayesa kuseka, chifuwa chinawagwira. Remigia anawapana chala ndi kachipangizo koyezera mpweya m'magazi. Manambala ankatsika iye akuona.

"Basilia, katengeni kasilinda ka ku fiyeta kaja. Thamangani."

Anawalumikizira kameneko. Pasanapite nthawi yaitali, milomo ya Don Hilarión inayamba kubwerera mtundu wake.

Remigia anagubuduza silinda yaikuluyo mpaka kubwalo lakuseri. Anatenga kandulo pa kaguwa ka woyera San Eloy m'khonde, naizima, chingwe chake chikadali chofiira ndi khala. Mwana aliyense wa sekondale amadziwa kuti okosijeni amadzutsa khala kukhala lawi. Anatsegula silinda pang'ono, nayandikiza kandulo. Khala lija linazilala, kunatsala kautsi. Anayesa silinda ina. Anayesanso ina. Anayesa onse amene anali m'chipinda chosungira katundu.

"Ndi mphepo," anatero. "Mphepo wamba, yomweyi tikupumayi. Takhala tikupatsa anthu mphepo."

Basilia anajambula chizindikiro cha mtanda. "Nanga kakang'ono kaja kawafikitsa pati Don Hilarión?"

"Tikamatsegula mosinira, mwina Lachisanu."

Odwala ena m'wodimo ankatha kupirira popanda mpweya. Don Hilarión sakanatha. Remigia anaimbira foni kampani yodzaza mpweya ku Oruro. Mayi wa kumeneko anayankha mwaulemu kwambiri. Anati masilinda omaliza anawatumiza kanivala isanayambe, odzaza, enieni. Ena sangatumize mpaka boma litalipira akalewo. Anamufuniranso tsiku labwino.

Fulgencio sanali mu ofesi yake. Foni yake inali yozima. Remigia anaitana apolisi.

Sajeni Evaristo Yucra anabwera wapansi, chifukwa galimoto ya polisi inalibe mafuta. Anali bambo wonenepa, tsaya lotupa ndi masamba a koka amene anthu kuno amatafuna. Anazungulira masilinda aja manja ali kumbuyo, nanunkhiza imodzi.

"Penti iyi n'njatsopano, adokotala."

"Ndaona."

"Mwaona lero. Amene amasainira katundu akamalowa ndi ndani?"

"Don Fulgencio."

"Ali kuti?"

"Sindikudziwa."

"Eya. Tayi ikasowa, mlandu wayamba."

Anatulutsa mpeni wa m'thumba n'kuyamba kupala m'khosi mwa silinda, pamene penti inali ya tizibuma. Penti yobiriwira inasendeka. Pansi pake panatuluka kapepala kofiira, kozungulira, kochepa ngati njere ya mphodza. Kenako kachikasu. Kenako kapinki. Tinali titamatirira mozungulira khosi lonse.

Basilia anagwira pakamwa. "Mayo ine. Izi zinadalitsidwa!"

Lachiwiri la kanivala, tsiku la ch'alla, aliyense kuno amadalitsa chimene chimamudyetsa. Woyendetsa lole amathira mowa pa matayala, wosoka amathira pa makina ake, wokumba amathira pa nyundo. Amamwaza timapepala ta mitundumitundu pamwamba, kuti Pachamama, mayi wa nthaka, adye nawo asakwiye. Timapepalato timasiyidwa mpaka mphepo itatichotsa yokha. Wotipala ndi dzanja wapala mwayi wake wa chaka chonse.

"Kampani ya ku Oruro sithira mowa pa silinda ya odwala," anatero sajeni. "Izi ndi za munthu amene amadyera m'masilinda. Sabata yatha anazidalitsa. Atauzidwa kuti azipente, anapenta, koma dalitso anaopa kulipala. Kupha anthu sanaope, koma Pachamama anamuopa." Analavula koka. "Owotcherera zitsulo m'tauni muno si ambiri. Tiyeni, adokotala, ngati nsapato zanu zikulola."

Pa malo oyamba anapeza masilinda ali pamalo pake, akuda, timapepala tili mbwee. Pa malo achiwiri chimodzimodzi. Achitatu anali kuseri kwa msika, kwa Nicanor Villca. Pakhoma pake panali unyolo womangira masilinda, maliboni a kanivala akadali lende. Unyolowo sunamange kanthu. Pansi pa simenti panali timizere tozungulira ta penti yobiriwira, tondondozana ngati mapazi a chilombo.

Nicanor anali kamunthu kowonda, ka maso ofiira ndi moto wa ntchito yake. Ataona yunifomu anagwetsa sipanala.

"Masana abwino, ambuye anga a sajeni."

"Masilinda ako ali kuti, Nicanor?"

"Ndinabwereketsa."

"Unabwereketsa akuda kapena obiriwira?"

Nicanor anayang'ana pansi, naponda kamzere kamodzi ka penti ngati angakabise ndi nsapato.

"Chotsa phazi, chitsiru iwe. Don Severino Poma wamwalira m'mawa uno akupuma mphepo yako."

"Ayi! Ayi, bwana!" Anagwada pa simenti pomwepo. "Anandiuza kuti n'zongoonetsa! Don Fulgencio anati kukubwera akuluakulu a ku unduna kudzayendera, akapeza chipinda cha mpweya chili pululu atseka chipatala. Anati penta, upope mphepo ndi makina kuti kasingano kakwere, akangochoka ndikubwezera. Don Severino ndinkamwa nawo, bwana. Ndi amene anandiphunzitsa kugwira nyundo!"

"Enieni ali kuti?" anafunsa Remigia.

Nicanor sanathe kumuyang'ana. "Don Fulgencio ankawasunga kuseri kuno, amayi dokotala, pansi pa lona. Amawagulitsa ku kliniki ina ya anthu olemera ku Oruro. Otsala wawatenga lero dzuwa lili paliwombo, pa pikapu ya chipatala."

Sajeni anayang'ana dzuwa. Linali litapendeka pang'ono. Msewu wa ku Oruro ndi umodzi, ndipo umadutsa pa rodibuloko ya apolisi pamwamba pa phiri. Anaimba foni.

"Achimwene, ndine Yucra. Siyani kaye makadiwo. Pikapu yoyera ya chipatala yadutsa?... Ikukwera kumene? Tsitsani chitsulocho. Akakupatsani kanthu landirani, koma musakweze."

Madzulo pikapu inabwerera ku Kellumarka, wapolisi akuyendetsa. Fulgencio anali pambali pake, unyolo uli m'manja, tayi ili m'malo mwake. Kumbuyo, pansi pa lona, masilinda enieni ankagundana, kulira ngati mabelu a tchalitchi. Remigia atamva kulirako anatsamira khoma la polisi, misozi ikutsika. Mpweya unali utabwerera.

Anamulola kuonana ndi Fulgencio mu ofesi ya sajeni. Bamboyo anakhala mwendo pamwamba pa unzake.

"Mwabwera kudzandilavulira, adokotala?"

"Ndabwera kudzafunsa chifukwa."

"Lero mukufunsa? Mankhwala ogonetsa amene munachitira opaleshoni mwezi watha munkaganiza kuti agwa ndi matalala? Magolovesi? Dizilo wa jenereta? Ndapita ku unduna mpaka alonda a pageti akundidziwa dzina. Mukudziwa chimene anandipatsa? Chikwangwani. Chachikulu, cha mitundu, cholembedwa kuti umoyo ndi waulere. Ndinachikhoma pakhomo panu paja. Chaulere chimalipiridwa ndi winawake, amayi. Ndinagulitsa mipando, ndinagulitsa matayala a ambulansi, simunaone. Kunatsala mpweya."

"Munadziwa kuti m'wodi muli anthu a mapapo."

"Ndinkati ndalama zikafika ndibwezeretsa, palibe adzadziwe. Anandilonjeza kuti kanivala ikatha."

"Don Severino amwalira."

Kwa kanthawi nkhope ya Fulgencio inagwa, kenako anaikonzanso. "Mapapo awo anali mwala kale."

"Nanga nyumba yosanja ikumangidwa ku Cochabamba ija?" analowerera sajeni, akusankha masamba a koka m'kathumba. "Nayonso ndi mankhwala ogonetsa?"

Sajeni anaimirira, natsegula chitseko.

"Imirira, bwana wa tayi. Nicanor akukudikira m'selo. Wati akufuna akuthokoze."

Remigia anatuluka panja napempha apolisi awiri kuti amuthandize kutsitsa masilinda. Sajeni anabwera pambuyo pake akukanda m'khosi.

"Adokotala, dikirani kaye. Ndaimbira loya wa boma, popeza pali imfa. Wati pasakhudzidwe kanthu mpaka iye atafika mawa."

"Ndikufuna imodzi yokha."

"Mawa m'mawa, amayi. Kakang'ono kaja mwati kafika Lachisanu."

Lachinayi m'mawa loya wa boma, Bambo Arancibia, anafika kuchokera ku Oruro atavala chikhoti chachitali, akupumira m'kampango chifukwa cha fumbi. Anajambula masilinda ndi foni yake. Analamula kuti enieni ndi opentedwa omwe aikidwe m'chipinda chimodzi cha polisi. Kenako anamata tepi yachikasu pachitseko, nadindapo chidindo.

Remigia anaima patsogolo pake. "Bwana, m'menemo muli mpweya wa wodwala wanga."

"M'menemo muli umboni, adokotala."

"Tengani onse, mundisiyire imodzi."

"Ndikachotsapo imodzi, loya wa Ajata adzanena kuti umboni unaseweretsedwa, ndipo wakuphayo adzatuluka akuseka. Mukufuna zimenezo? Inu nomwe munatiitana."

"Munthu afa."

"Lembani pempho kwa woweruza. Akavomera, ndidzamatula ndi dzanja langali."

"Woweruza ali kuti?"

"Ku Oruro. Sanabwerere ku tchuthi cha kanivala. Mwina Lolemba." Anamugwira paphewa mwachifundo. "Malamulo ndi amene amatisiyanitsa ndi nyama, amayi."

Remigia analemba pempholo ataimirira, pa boneti ya pikapu. Anaimbira unduna, foni inangoitana. Anaimbira zipatala za matauni oyandikana. Kulikonse yankho linali lofanana: ifenso tikusinira, mlongo, tikakupatsa tipha athu. Anaimbiranso mayi waulemu wa kampani ya mpweya, nalonjeza malipiro ake a iye mwini. Mayiyo anati akaunti ya chipatala n'njotsekedwa, ndipo kompyuta silola.

Anabwerera kwa sajeni. Anamupeza atakhala pa benchi, moyang'anizana ndi chitseko cha tepi yachikasu chija.

"A sajeni, kiyi muli naye ndinu."

"Ndili naye."

"Palibe adzawerenge."

"Wajambula, amayi. Wawerenga pamaso panga." Sanadzutse mutu. "Ndikadula tepi iyi ndigona selo imodzi ndi Fulgencio, ndipo ana anga adya miyala. Don Hilarión ndimawadziwa. Anatulutsa mkulu wanga mumgodi utagumuka. Musandiyang'ane choncho."

Remigia anayang'ana chitsekocho. Chinali cha thabwa wamba. Mwana akanatha kuchithyola ndi phazi. Wapolisi wa mfuti anasuntha pang'ono, naima pakati pa iye ndi chitseko.

M'wodi, Basilia anali atachepetsa mpweya mpaka kulira kwake kunkamveka ngati udzudzu. Kasingano ka kasilinda kanali katalowa pofiira. Don Hilarión anali atawatsamiritsa pa mapilo, thukuta lili pamphumi ngakhale kunkazizira.

"Mwamugwira wa tayi uja?" anafunsa, mawu amodziamodzi.

"Tamugwira, tate."

"Mpweya?"

"Wapezeka."

"Nanga nkhope yagwa bwanji ngati ya woberedwa nkhosa?"

Remigia anawakonzera masiki, ngakhale inali bwinobwino. Iwo anamugwira dzanja. Zala zawo zinali zozizira.

"Bedi ili n'labwino, Remi. Ndimaona phiri langa. Linandidya, koma ndimalionabe." Anapuma kanthawi. "Msewu uja ndimauopa. Mgodi sindinauopepo. Msewu uja, ee."

"Musayankhule. Mukuwononga mpweya."

"Wayamba kulamula ngati mayi ako."

Remigia anakhala pambali pawo, maso ali pa kasingano. Ankati akaphethira, ankaona ngati katsika. Kunja mphepo inkamenya chikwangwani cha umoyo waulere pakhomo, phwa, phwa, ngati munthu akuombera m'manja.

Lachisanu m'mawa kunabwera galimoto ya apolisi ya ku Oruro kudzatenga omangidwa. Anthu anasonkhana pa polisi. Mkazi wa Don Severino anaponya mwala, unaphonya. Nicanor ankalira mokweza, akuitana dzina la malemuyo. Fulgencio anapempha kuti amukhazike pawindo chifukwa msewu umamuchititsa nseru, ndipo anamulola. Anawatsegulira mlandu wakuba katundu wa boma ndi wopha munthu. Chipinda cha umboni chinatsala chotseka, tepi ili pomwepo.

Dzuwa lisanafike pamutu, kasilinda kanasiya kulira. M'wodi munangoti zii. Don Hilarión anatsegula pakamwa ngati nsomba pamchenga.

"Adokotala," anatero Basilia motsitsa mawu. "Pano safika madzulo. Ku Oruro mpweya uliko."

Ambulansi inali kuseri, itakhala pa njerwa, yopanda matayala. Pikapu ya chipatala inali ku polisi, nayonso ndi tepi yachikasu. Basilia anathamangira ku kopaletivi. Kunali lole imodzi imene inkanyamuka masanawo, yodzaza kale ndi matumba a miyala. Kutsogolo kunali kothina, munthu wodwala sakanatha kugona.

Amuna anayi ananyamula Don Hilarión ndi matiresi omwe kuchokera pa bedi la pawindo. Anawadutsitsa m'khonde, pa kaguwa ka San Eloy, mpaka pageti. Don Hilarión anaona lole. Anatembenuza mutu, nayang'ana Remigia.

Remigia anawakweza pamwamba pa matumba, nawafunditsa bulangete, nakhala pansi n'kuwagwirira mutu. Lole inanyamuka kulowera ku Oruro.